Adaitayipa Momwe Idaliri

Jemima Maseko adali ndi ola limodzi lokha patsiku lomwe akadalitchula lake. Linkayamba 12 koloko masana, Mayi Magret akatseka chitseko cha kaofesi kawo kotayipira makalata kuseri kwa depoti ya mabasi n'kupita kukadya kwa mng'ono wawo, ndipo linkatha 1 koloko iwo akagogoda. Pa ola limenelo kompyuta inkakhala yopanda woidikira, ndipo Mayi Magret adamulola kuchitapo zake, bola asamalize inki.

Maola enawo adali ndi eni ake. Kuyambira 7:30 m'mawa mpaka 4:30 madzulo adali a makasitomala: ofuna makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati, malamulo a mabungwe a amayi a kumpingo. Kuyambira 5 koloko mpaka 7:30 adali a koleji, kutsidya kwa mlatho, komwe ankachita dipuloma ya kayendetsedwe ka bizinesi. Otsalawo adali a minibasi ya ku Kawale, ndowa ya madzi ndi manotsi a sukulu. Nkhani zake ankazilemba m'minibasi ya m'mawa, kope lachikuto cholimba lili pabondo, moti akalitsegula ankatha kuloza mzere womwe adaulemba galimoto ikudutsa m'maenje a pa Mchesi.

Mnzake Queen Namaona adalibe ntchito. Adadziwana pa koleji yomweyo mu Januwale 2003, tsiku lolembetsa, koma Queen adatenga makalasi a m'mawa omwe ankatha 11 koloko. Bambo ake, ochokera ku Mulanje, adali dalaivala wa m'boma, ndipo mayi ake ankagulitsa kaunjika mumsika wa Chilinde. Masana onse Queen ankakhala pa benchi la mayi akewo, amati akuwathandiza, koma kwenikweni ankangomvera zokamba za amayi a mumsika n'kumalemba. Chomwe adalibe chidali kompyuta, pomwe nyuzipepala ya Loweruka inkalandira nkhani zotayipa zokha.

Choncho mu Ogasiti chaka chomwecho adabwera ndi masamba khumi olemba pamanja, ndipo Jemima adawapatsa maola atatu a nkhomaliro. Sadangotayipa. Ntchito yake sinkalola zimenezo. Tsiku lomwe adayamba ntchito, Mayi Magret adamuuza kuti kasitomala amabweretsa zomwe zili m'mutu mwake, koma wotayipa amamubwezera zomwe amafuna kunena. Munthu akalemba kalata yofunsira ntchito yoyamba ndi matenda a agogo ake, Jemima ankachotsa agogowo, mwini wake n'kuthokoza. Ndi nkhani ya Queen adachita chimodzimodzi. Adadula macheza a amayi omwe ankatenga masamba awiri athunthu osapita kulikonse. Adasuntha ndime zina. Nkhaniyo inkathera m'malere, ngati wolemba waitanidwa kukaphula mphika, ndiye Jemima adailembera ndime yomaliza yokhala ndi phunziro, monga momwe adamuphunzitsira ku sekondale.

Idatuluka pa 13 Sepitembala 2003, dzina la Queen Namaona lili pamwamba. Yachiwiri, yomwe Jemima adaikonza kuposa yoyamba, idatuluka pa 17 Januwale 2004.

Onse awiri adali m'gulu la alembi lomwe linkakumana Loweruka loyamba ndi lachitatu la mwezi uliwonse m'kalasi ina ya pulayimale ku Chilinde. Wapampando adali a Weston, mphunzitsi wa Sitandade 8 pasukulu yomweyo. Tsiku lomwe nkhani yachiwiri idatuluka, a Weston adaimirira ndi nyuzipepalayo n'kuwerenga mokweza ndime yomaliza, ija yothera ndi mwambi woti mawu a akulu akoma akagonera.

"Mwamva?" adatero a Weston, akugogoda tebulo ndi choko. "Nkhani imatha chonchi. Wowerenga azichoka atanyamula kanthu."

Anthu khumi ndi mmodzi adamuombera m'manja Queen. Iye adangozolika. Jemima adaomba nawo, koma ankawerenga mumtima: ndime imeneyo idali ya mawu 96, ndipo palibe ngakhale limodzi lomwe lidachokera m'cholembera cha Queen. Adaiganiza Lachitatu lina ali ndi njala, mbatata yake ikuzizira m'kontena. Madzulo a tsikulo adadula tsamba la nyuzipepala lija n'kulisunga m'kope lake, ndipo pambali pa mizere yonse yomwe idali yake adaikapo kadontho ka pensulo. Madonthowo adakwana makumi atatu ndi anayi.

Iye mwini adali asadatulutsepo nkhani. Adali ndi imodzi yomwe adaiyamba mu Okutobala, yotchedwa "Kalata Yachisanu", ya mayi wa ku Ntcheu wosadziwa kuwerenga, yemwe mwana wake wamwamuna ali ku Joni. Makalata akabwera amamuwerengera ndi mwana wamkazi, ndipo mtsikanayo amaikamo moni ndi malonjezo omwe mchimwene wakeyo sadalembe. Miyezi isanu idatha nkhaniyo ili m'kope.

Pa 6 Malichi a Weston adabwera ndi chilengezo. Kampani ina yosindikiza mabuku ku Blantyre inkafuna nkhani khumi za m'Chichewa zoti zilowe m'buku limodzi. Nkhani isapitirire mawu 2,000, ikhale yotayipa, ifike pasadathe pa 30 Epulo. A Weston adati ali ndi ulendo wa ku Blantyre Lachisanu lomwelo, ndiye aliyense awapatse envulopu yake pofika Lachinayi pa 29, iwo akapereka pamanja.

Nyuzipepala amakulungira mandasi pakatha sabata, koma buku limakhala. Jemima adafuna malo amodzi mwa khumiwo kuposa momwe adafunira dipuloma. M'minibasi yobwerera ku Kawale adawerenga masiku a ntchito otsala, n'kuchotsapo a Isitala, ndipo adaona kuti akwana. Koma chidali chaka cha chisankho. Ofuna uphungu ndi owayendetsera kampeni adadzaza kaofesi kaja, ndipo masiku ambiri a Malichi ndi Epulo Mayi Magret sadapite kukadya. Ankaitanitsa chipisi n'kudyera pomwepo, chitseko chili chotsegula.

Lolemba pa 19 Epulo, ola lija litabwerera, Queen adalowa nthawi itangokwana 12:05, atavala siketi yatsopano ya m'belo la mayi ake.

"Abwana a kompyuta, mwaswera bwanji? Ndabweretsa katundu."

"Ndiwe woyamba kundifunsa lero. Masamba angati?"

"Khumi ndi anayi. Koma zilembo zake ndi zazikulu, usaope."

"Ndipo yanga nditayipa liti?"

"Yako sinathebe? Iwe Jemima, kalata imeneyi ikuchokera ku Joni wapansi?"

Queen adaseka, Jemima adasekako pang'ono. Adafuna kumufunsa kuti ndani angalephere kumaliza nkhani atakhala pa benchi kuyambira 11 koloko mpaka dzuwa kulowa, chakudya chomuphikira, fizi yomulipirira. Adameza mawuwo n'kulandira masambawo.

Adawawerenga tsiku lomwelo Queen atapita. Mutu wake udali "Belo la Lachinayi". Mayi wina wogulitsa kaunjika, yemwe wakhala pabanja zaka makumi awiri osadalitsa ukwati kutchalitchi, atsegula belo n'kupezamo diresi loyera la ukwati. Anzake a mumsika amuseka, aliyeza pathupi pawo, akangana za mtengo wake, asochera n'kuyamba kukamba za mkamwini wa wina amene amadya ndiwo ngati alipira. Ogula abwera, mayiyo akana kugulitsa, osanena chifukwa. Madzulo alibisa pansi pa thumba, afika nalo kunyumba, akhoma chitseko n'kulivala. Mwamuna wake agogoda. Zipi yakumsana yakana kutsika. Nkhani idathera pomwepo, dzanja la mayiyo lili kumsana.

Jemima adaona ntchito yonse yomwe inkafunika. Za mkamwini zichoke. Mayiyo anene chifukwa chokanira kugulitsa. Chitseko chitseguke, mwamunayo alankhule, ndipo pakhale ndime yoti wowerenga anyamule. Adatenga pensulo kuti ayambe kuika zizindikiro, kenako adaibweza m'kapu.

Malo adali khumi okha. Akaikonza nkhaniyi, ndiye kuti akupikisana ndi dzanja lake lomwe, ndipo likapambana m'manja aombera wina. Adaganiza zouza Queen kuti alibe nthawi, koma Queen akadapita kwa a Weston, ndipo gulu lonse likadadziwa kuti Jemima wakana kuthandiza mnzake. Padali njira ina yomwe palibe akadamudzudzula nayo. Aitayipe momwe idaliri, liwu ndi liwu. Akonzi a ku Blantyre amuone Queen ali yekha, wopanda womugwira mkono.

Adaitayipa Lachiwiri ndi Lachitatu. Idali ntchito yovuta kuposa kukonza, chifukwa zala zinkafuna kuchita zomwe zidazolowera. Kawiri adapeza kuti wadumpha mzere wa macheza osadziwa, ndipo adabwerera kukaubwezera. Atafika pa za mkamwini adaseka yekha m'kaofesimo, kenako adakwiya kuti waseka. Pa tsamba lomaliza adaika kadontho pomwe Queen adaika, n'kusindikiza.

Queen adabwera kudzatenga Lachinayi pa 22. Adawerenga ataimirira pafupi ndi makina a fotokope, tsamba ndi tsamba. Atafika kumapeto adatembenuza pepalalo kuona kuseri, n'kuyang'ananso patebulo ngati pali lina lotsala.

"Yathera pamenepa?"

"Si pomwe unathera iwe? Nthawi ndinalibe. Ndangotayipa."

Queen adamuyang'ana kanthawi. "Zikomo, mzanga," adatero motsitsa mawu, n'kuika masambawo mu envulopu.

Wachita mantha, adaganiza Jemima, ndipo masana amenewo mbatata idamukomera.

Tsopano padatsala nkhani yake. Lachinayi lomwelo Queen adamudyera theka la ola. Lachisanu ndi Lolemba adatayipa masamba anayi. Lachiwiri pa 27 kudali mayeso a pakati pa teremu, ndipo ola lija lidapita ku manotsi a malamulo a zamalonda, phunziro lomwe adalakwa chaka chatha ndipo sakadatha kulilakwanso. Lachitatu magetsi adazima 11:40 n'kuyaka 3 koloko. Lachinayi pa 29, nthawi ya 11:30, kudalowa bambo wina wovala nsalu ya chipani paphewa, atanyamula mayina 180 a anthu oti akayang'anire mavoti, aliyense kalata yakeyake.

"Lero sitidya, mwanawe," adatero Mayi Magret.

"Amayi, ndinakuuzani za nkhani yanga ija. Lero ndi tsiku lomaliza."

"Unandiuza. Nanga bambowa ndiwauze kuti chisankho chidikire nthano?"

Adamaliza makalatawo 4:05. Mayi Magret, posafuna kuoneka ouma mtima, adatenga chikwama n'kunena kuti akatseke yekha. Jemima adatayipa tsamba lachisanu kuchokera m'kope: mayi uja akayika, atenga kalata yachisanu kupita nayo kwa akatekisiti kuti amuwerengere, amva zenizeni zomwe mwana wake adalemba, mizere itatu youma yopempha chiphaso chobadwira. Abwerera kunyumba, apinda kalatayo, aipereka kwa mwana wamkazi n'kunena kuti, "Ndiwerengere iwe." M'kope nkhaniyo inkalekera pamenepo, chifukwa minibasi idafika pa depoti. Padatsala mphindi khumi ndi zisanu. Ndime yomaliza adailemba pakompyuta pomwepo, mosavutika, popeza ntchito imeneyi ankaidziwa: mtsikanayo agwada, apepesa, ndipo wolemba akumbutsa owerenga kuti choipa chitsata mwini.

Adawapeza a Weston pa depoti 4:50 akugula tikiti ya m'mawa. M'kalasi adalowa mochedwa ndi mphindi makumi awiri, thukuta lili kamukamu, koma mtima uli m'malo.

Chisankho chidachitika pa 20 Meyi. Mayeso a koleji adatha pa 18 Juni. Queen sadabwerenso ndi nkhani ina, ndipo Jemima adaona ngati akudziwa chifukwa chake. Nthawi zina m'minibasi ankakonzekera mawu omwe adzamutonthoze nawo. Adasankha akuti, "Usadandaule, yotsatira tidzaionera limodzi."

Yankho lidafika Loweruka pa 17 Julayi. Kunkazizira, ndipo mawindo a kalasi ija adalibe magalasi, moti anthu adakhala mothinana kutsogolo. A Weston adatsegula envulopu yaikulu yakhaki n'kuvala magalasi awo. Kalatayo idati nkhani zomwe zidafika zidali 312. Gulu la ku Chilinde lidatumiza zisanu ndi ziwiri, ndipo imodzi yasankhidwa.

"Belo la Lachinayi, yolemba Queen Namaona," adawerenga a Weston. Adaima, n'kupitiriza pang'onopang'ono. "Akuti ikhala yoyamba m'bukumo, ndipo buku lonse litenga dzina lake."

Anthu adaomba m'manja. Clifford, wolemba ndakatulo amene masana ankagulitsa mayunitsi a foni pa siteji ya Area 23, adaimba mluzu.

"Komatu ine ndinaiwerenga m'basi," adatero a Weston akukanda m'mutu. "Ndinkaganiza kuti tsamba lomaliza lagwa. Mayi uja anatuluka bwanji m'diresimo?"

"Akadali momwemo, Aphunzitsi," adayankha Clifford. "Mukagula bukulo mukamuthandize zipi."

Kalasi yonse idaseka, a Weston nawonso. Kenako adagawa nkhani zomwe zidabwezedwa. Mkonzi adalembapo mawu ochepa pa iliyonse ndi cholembera chofiira. Jemima adalandira yake n'kuitsegulira pansi pa desiki. Masamba anayi oyamba adalibe chizindikiro chilichonse. Pa lachisanu padali mzere umodzi wodutsa ndime yomaliza kuchokera pakona kufika pakona, ndipo m'mbali mudalembedwa kuti: "Nkhani inatha kale pamwambapa. Apa mwayamba kulalikira. Mukaikonza tumizani kwina, ndi yabwino."

Adawerenga kawiri. Mawu akuti ndi yabwino sadamufike. Chomwe adaona chidali mzere wofiirawo, wodutsa pa chinthu chokhacho chomwe ankakhulupirira kuti amachidziwa kuposa Queen. Kutsogolo a Weston ankamupempha Queen kuti aimirire anenepo mawu, ndipo Queen ankakana akuseka, dzanja lili pakamwa.

Potuluka adayendera limodzi kupita ku siteji, monga ankachitira nthawi zonse. Adadutsa ogulitsa makala ndi amayi okazinga chimanga. Queen adagula ziwiri n'kumupatsa chimodzi.

"Sukulankhula," adatero Queen.

"Ndikuzizidwa. Zakuyendera, ndasangalala."

"Yako alembapo chiyani?"

"Zoti ndi yabwino."

"Ndi yabwinodi. Ndinaiwerenga kwa a Weston usiku uja asanapite ku Blantyre." Queen adatafuna kanthawi. "Ndikuuze chinthu, usakwiye. Ija ya Januwale, itatuluka, amayi anandiuza kuti ndiwawerengere pa benchi, anzawo onse ali pomwepo. Nditafika kumapeto anandifunsa kuti, abusawa alowa nthawi yanji m'nkhani mwako? Ndipo Nachisale uja wa masiketi anakwiya kuti mawu ake ndawachotsa."

Jemima adaima. "Unkadziwa?"

"Nkhani yanga yomwe ndisaidziwe?"

"Bwanji sunanene?"

"Ndikananena ndikanatayipitsa kuti? Komanso zinkatuluka, a Weston ankaombera m'manja. Ndinkati mwina wolakwa ndine, iwe ndiwe umadziwa za mabuku." Adamugwira pamkono. "Ndiye tsiku lija nditaona kuti iyi sunaikhudze ngakhale pamodzi, ndinapita nayo kunyumba. Ndinati, Jemima waikonda. Ngati Jemima wailekerera, ndiye kuti ili bwino. Ndikanapanda kuona zimenezo, mwina sindikanaipereka n'komwe."

Minibasi ya ku tauni idaima patsogolo pawo, kondakitala akumenya chitseko. Jemima adayang'ana nkhope ya mnzakeyo kufunafuna chipongwe, koma sadachipeze. Queen ankanena zoona, ndipo ankathokoza ndi mtima wonse. Zikadakhala zonyoza zikadapepuka.

"Ndinaona kuti sikufunika kukonza," adatero Jemima, n'kukwera.

Lamulungu sadapite kutchalitchi. Adachapa, adasita, adatsegula manotsi a teremu yatsopano osawerenga. Adatulutsa tsamba la nyuzipepala la Januwale lija n'kuliwerenga kuyambira pamwamba, akuyesa kukumbukira zomwe zidali m'malo omwe adadula. Zina adazikumbukira. Nachisale wa masiketi adali ndi mawu okhudza apongozi ake ndi wailesi, ndipo Jemima adapeza kuti mpaka tsopano akutha kuwanena pamtima.

Lolemba pa 19 Julayi, Mayi Magret atangotuluka, Queen adafika ndi pepala la pulasitiki lokhala ndi masamba.

"Abwana a kompyuta. Mkonzi uja waimba foni kwa bambo kuntchito. Akuti ngati ndili ndi ina nditumize, akuganiza za buku lachiwiri. Ndi masamba khumi ndi awiri okha."

Jemima sadatambasule dzanja. "Sinditha."

"Sikuti lero. Ngakhale sabata yamawa."

"Ngakhale sabata yamawa. Ola ili ndili nalo ntchito."

Queen adaseka poganiza kuti ndi nthabwala, kenako adaleka. "Ndakulakwira?"

"Ayi. Pita kwa Lonely, khomo lachitatu kuchokera pano, pafupi ndi ojambula zithunzi. Amatayipa bwino, ndipo sawonjezera kanthu."

"Koma ine ndimafuna uziyamba waiwerenga iwe."

"Ndidzaiwerenga m'buku."

Queen adaima pakhomo kanthawi, pulasitiki ili pachifuwa. Adaoneka ngati akufuna kufunsanso, koma adangoti, "Chabwino, tionana kugulu," n'kutuluka. Jemima adamuona pawindo akuwerenga makomo, kenako adakhoma chitseko.

Nthawi idali 12:14. Adatsegula "Kalata Yachisanu" n'kutsikira kumapeto. Adaidetsa ndime yomaliza yonse n'kuifufuta. Nkhaniyo tsopano inkathera pa mayi akupereka kalata, akuti, "Ndiwerengere iwe." Adaiwerenga kuchokera pa tsamba lachinayi, ndipo adamva kuti yakhala. Adamvanso kuti yatha momwe Queen akadaithera, ndipo aliyense wa ku Chilinde akadzaiona adzanena zomwezo, Clifford poyamba.

Adaibwezera ndime ija. Adaiyang'ana mphindi zingapo, akudya mbatata yozizira. Mtsikana wogwadayo tsopano ankaoneka ngati wobwereka kwa aneba. Adaifufutanso, ndipo ulendo uno adaisunga choncho pakompyuta.

Pomwe Mayi Magret ankagogoda 1 koloko, nkhaniyo idali itafupika ndi mawu 112, envulopu yopita ku nyuzipepala ya Loweruka idali italembedwa adiresi, ndipo khomo lachitatu kuchokera pamenepo Lonely adali atafika pa tsamba lachiwiri la Queen. Jemima ankamva kuseka kwa Lonelyyo kudzera m'zipupa za malata.